Akristu Amene Anagwa ku Carthage, ndi Kubwera Kwao



Palibe mudzi wa Akristu wopanda munthu wodulidwa. Alipo wina amene anali mphunzitsi wacangu, wodziwa kutsogolera nyimbo, koma lero akaona mbusa alinkudza m'njira apatuka nalowa m'cimanga. Alipo mai amene akhala pa mpando wa kumbuyo, naturuka msanga pa tsiku la Mgonero anthu asanaceuke. Ndipo akuru a Mpingo, pokhala pa bwalo lao caka ndi caka, apunthwa pa funso limodzimodzi: munthu wotere abwere liti, abwere ndi njira yanji, ndipo ndani angalimbe mtima kumuuza kuti Mulungu wamkhululukira? Funsoli si la lero. Linang'amba Mpingo pakati kumpoto kwa Africa zaka zoposa 1,700 zapitazo, ndipo mlandu umenewo uyenera kudziwika kwa ali yense amene aimirira pamaso pa ana ndi Buku m'manja.

Carthage unali mzinda waukuru wa pa doko, m'mbali mwa nyanja ya Mediterranean. Mabwinja ace ali pafupi ndi Tunis, m'dziko la Tunisia. Bishopu wa Akristu a pamenepo anali Cyprian, ndipo aphunzitsi adzakondwera kumva kuti iyenso anayamba ndi uphunzitsi: nchito yace inali kuphunzitsa anyamata luso la kunena pa bwalo. Anatembenuka mtima ali munthu wamkuru ndi wacuma, nabatizidwa ngati m'caka ca 246, nagawira aumphawi zambiri za cuma cace. Patangopita zaka ziwiri kapena zitatu anthu anamkakamiza kuti akhale bishopu wao, ngakhale abusa asanu anatsutsa, poona kuti munthuyo ngwa dzulodzulo m'cikhulupiriro. Abusa asanu amenewo akumbukike, pakuti adzaonekanso.

Masiku amenewo Mpingo wa kumeneko unali utapuma ku mazunzo zaka zoposa 30, ndipo mtendere unaufooketsa. Cyprian mwini anadandaula kuti mabishopu ena anasiya nkhosa zao nayendayenda m'misika ya kutali kufuna phindu, nakongoletsa ndarama ndi ciongola dzanja. Akristu ambiri anali asanayesedwe konse. Tsono m'caka ca 249 kazembe wa nkhondo dzina lace Decius analanda ufumu wa Roma. Adani analinkuopsya malire a dziko, ndipo iye anafuna kuti anthu onse akondweretse milungu ya makolo. Anaika lamulo kuti munthu ali yense, mwamuna ndi mkazi, apite pamaso pa akuru osankhidwa a m'mudzi mwace, athire vinyo, apereke nsembe, alawe nyama ya nsembeyo, ndipo alandire cikalata ca umboni. Zikalata zotere zoposa 40 zapezeka mu mcenga wouma wa ku Aigupto, zolembedwa m'miyezi ya June ndi July m'caka ca 250, ndipo ziwerengeka kufikira lero: mwini cikalata anena kuti wapereka nsembe kwa milungu masiku onse, ndi kuti tsopano wateronso pamaso pa akuru, ndipo pansi pace pali manja a akuruwo.

Lamulolo silinafune kuti munthu atukwane Kristu, kapena kuti aleke kupemphera m'nyumba mwace. Linangofuna kanthu kakang'ono, kotha nthawi yosafikira kupsya kwa nsima. M'menemo ndimo munali msampha.

Ena anakana. Fabian, bishopu wa ku Roma, anafa m'mwezi wa January m'caka ca 250. Mabishopu a ku Antiokeya ndi ku Yerusalemu anafera m'ndende. Ku Carthage khamu linapfuula kuti Cyprian aponyedwe kwa mkango, ndipo iye anaturuka m'mzinda nabisala koposa caka cathunthu, nayendetsa Mpingo ndi makalata. Analipo amene anamnena kuti mbusa wathawa nkhosa, ndipo mnong'onong'o umenewo unamtsata masiku onse a mlandu uno. Koma unyinji wa Akristu unagwa, nugwa msanga. Cyprian asimba ndi cisoni kuti ambiri sanadikire kugwidwa. Anathamangira okha ku bwalo la mzinda, ndipo pofika madzulo, akuru atafuna kuweruka, otsalawo anawadandaulira kuti asawabweze kufikira mawa. Ena ananyamula ndi makanda ao omwe.

Kugwa kwao sikunali kwa mtundu umodzi. Analipo amene anapereka nsembe nadya nyama. Analipo amene anangowaza lubani pa moto. Ndipo analipo ocenjera, amene sanayandikire guwa konse, koma anapereka ciphuphu kwa mlembi kapena anatuma mnzao wosakhulupirira, nabwera kwao ndi cikalata m'thumba, nayesa kuti manja ao ngoyera. Mabishopu awiri a ku Spain, Basilides ndi Martialis, anali a gulu limeneli.

Codabwitsa ndi ici, kuti ambiri a anthu amenewa sanakhale ku akacisi a milungu. Mantha atapita anabwerera ku khomo la Mpingo alinkulira. Milunguyo sanaikhulupirire tsiku ndi limodzi lomwe. Cimene anaopa ndi mbedza zacitsulo, ndende, ndi kulandidwa kwa munda umene ana ao adyapo. Ndipo pakhomopo anapeza mwambo wouma. Akristu a kale anawerenga kupembedza mafano, cigololo ndi kupha munthu kuti ndiwo macimo olemera koposa, ndipo wogwa m'zimenezi anakhala kunja kwa Mgonero nthawi yaitari, wobvala ciguduli, wosala cakudya, wopempha abale kuti ampempherere, kufikira bishopu ndi abusa atamuika manja pamaso pa Mpingo wonse. Ena anati wokana Kristu sangabwezedwe konse m'moyo uno. Mwambo umenewo unakonzedwera munthu mmodzi kapena awiri pa caka. Tsopano ogwawo anali zikwi.

Pamenepo anthu anapeza njira yacidule. M'ndende munali Akristu amene anabvomereza dzina la Ambuye osagwedezeka, ena olemala ndi mazunzo, ena oyembekeza imfa, ndipo Mpingo unakhulupirira kuti pemphero la anthu otere limveka msanga. Ogwawo anapita kwa iwo kukapempha makalata a mtendere, owapembedzera kwa bishopu kuti alandiridwe. Poyamba anali makalata ochula munthu mmodzi ndi dzina lace. Posacedwa anayamba kuturuka ocuruka ndithu tsiku ndi tsiku, ndipo ena analembedwa kuti alandiridwe uje pamodzi ndi a pa banja pace, kotero kuti kalata imodzi inakhoza kulowetsa anthu 20 kapena 30, alamu ndi akapolo omwe. Potsiriza mmodzi wa a m'ndendewo, dzina lace Lucianus, analemba m'dzina la anzace onse kuti apereka mtendere kwa ogwa onse pamodzi. Abusa ena, osadikira bishopu, anayamba kuwapatsa Mgonero.

Apa payenera kuima pang'ono. Munthu yemweyo amene dzulo anapulumutsa thupi lace ndi cikalata ca Kaisara, lero afuna kupulumutsa moyo wace ndi kalata ya wa m'ndende. Mapepala ali awiri, koma nzeru yace ndi imodzi: kupyola pa cipata popanda kusintha kanthu m'kati. Ndipo nzeru imeneyi sinafe ndi anthu a ku Carthage. Wodulidwa amene atuma mlamu wace, mkuru wa Mpingo, kuti akamnenere mau abwino pa bwalo. Wina amene asamuka nanka ku mpingo wa tsidya lina kumene mbiri yace sidziwika. Wina amene apereka matumba a simenti pa nchito yomanga nyumba ya Mulungu mwezi womwewo mlandu wace uli pafupi kukambidwa. Onsewa alinkufuna kalata ya Lucianus.

Cyprian, ali kobisala, anakana. Analemekeza a m'ndendewo, koma anawakumbutsa kuti amene anamkana ndi Kristu, ndipo kapolo sakhoza kufafaniza ngongole ya mbuye wace. Cifanizo cimene anacikonda cinali ca sing'anga ndi cironda: wophimba cironda cakuya ndi nsaru yoyera, osacitsegula ndi kucitsuka, akondweretsa wodwala lero namupha mawa. Analamula kuti onse adikire kufikira mazunzo atatha ndi mabishopu atasonkhana. Koma wodwala wa pafupi kufa, amene ali nayo kalata, abvomereze chimo lace pamaso pa mbusa, kapena pamaso pa dikoni ngati mbusa palibe, nalandire mtendere asanamwalire. Kwa osakhoza kudikira anayankha kuti nkhondo ikali m'kati, ndipo wofuna kubwera msanga akhoza kubwerera kwa akuru a boma nakanene poyera kuti ali Mkristu. Analipodi amene anatero. Castus ndi Aemilius anagonja poyamba poona moto, koma atagwidwa kaciwiri anaima nji, nafa ndi moto womwewo umene anauthawa.

Mau amenewa sanakondweretse ambiri. Dikoni wina dzina lace Felicissimus, pamodzi ndi abusa asanu aja, anapatuka nayamba gulu lao lolandira ogwa onse popanda kufunsa. Kumeneko kunali kung'ambika kwa mbali imodzi. Kwa mbali inzace kunacokera ku Roma. M'mwezi wa March m'caka ca 251 Akristu a kumeneko anasankha Cornelius kukhala bishopu, munthu wofuna kubweza olapa. Koma mbusa wina wophunzira kwambiri, dzina lace Novatian, amene analemba buku lochuka la Utatu Woyera, anadzozedwa ndi gulu lina kukhala bishopu wopikisana naye. Novatian anaphunzitsa kuti Mpingo ulibe mphamvu ya kubweza munthu wokana Kristu. Alape, alire, asale cakudya moyo wace wonse. Kapena Mulungu adzamcitira cifundo pa tsiku lomariza. Koma pa gome la Ambuye asakhalenso, ngakhale pa mphasa ya imfa. Kwa iye madzi akataika saoleka. Ndipo cosekera, kapena colirira, ndi ici: Novatus, mmodzi wa abusa a ku Carthage amene analandira onse mosafunsa, anaoloka nyanja nakagwirizana ndi Novatian amene sanalandire ndi mmodzi yemwe. Munthu akadana ndi bishopu wace, ciphunzitso ciri conse cimkwana.

Novatian asapeputsidwe. Anali nao mau a Ambuye m'Mateyu 10 onena za wokana Iye pamaso pa anthu, ndi mau oopsya a m'Ahebri 6. Ndiponso anali ndi funso limene liribe yankho lapafupi: kodi mkazi wamasiye amene mwamuna wace anafa ndi njala m'ndende adzamva ciani, poona mnansi amene anadya nyama ya nsembe alinkumwera cikho cimodzi ndi iye? Ndipo anyamata adzaphunzira ciani za mazunzo akudza, akaona kuti woima ndi wogwa atsiriza pa mpando umodzi? Mkuru wa Mpingo ali yense amene anakanapo kufupikitsa cilango, poopa kuti ena angatengere, ali ndi Novatian wamng'ono mumtima mwace, ndipo si nthawi zonse alakwa.

Koma cimene cigwetsa ciphunzitso cace ndi mbiri ya usiku umene Ambuye anaperekedwa. Usiku umenewo anagwa ophunzira awiri, ndipo onse awiri anamva cisoni. Poyang'ana za kunja, kulapa kwa Yudase kunaposa kwa Petro: anabvomereza ndi pakamwa kuti wacimwa, nachula chimo lace, nabweza ndarama zonse 30 zasiliva. Bwalo la akuru likadaona zimenezi likadati munthuyu walapadi. Koma anatengera katundu wace kwa ansembe akuru, ndipo iwo anamuuza kuti zimenezo nzace, adzionere yekha. Naturuka ali yekha, nadzipacika. Petro sanabweze kanthu, pakuti analibe cobweza. Anangolira. Koma sanacoke pakati pa abale. M'mawa wa tsiku loyamba la sabata anapezeka pamodzi ndi Yohane, nathamangira kumanda. Ndipo m'Yohane 21, m'mbali mwa nyanja ya Tiberiya, Ambuye anasonkha moto wamakala, wonga uja anaotha Petro m'bwalo la mkuru wa ansembe, namfunsa katatu za cikondi cace, monga anamkana katatu. Sanacite ngati kanthu sikanacitike, pakuti funso lacitatu linamlasa Petro mtima. Felicissimus akadafunsa kamodzi, kapena osafunsa konse. Koma sanamsiyenso panja kuti adikire tsiku la ciweruzo. Anampatsa cakudya, nampatsa nkhosa. Paulo m'2 Akorinto 7 asiyanitsa cisoni ca mitundu iwiri, cina cofikitsa ku cipulumutso ndi cina cofikitsa ku imfa. Misozi ya mitundu yonse iwiri ifanana pa tsaya; cisiyanitsa ndi kumene munthu apita nayo, ndiponso cimene apeza pakufika. Bwalo la Mpingo limene liuza wolapa kuti adzionere yekha lalankhula mau a ansembe aja.

Itapita Paskha ya caka ca 251 Cyprian anabwerera, ndipo mabishopu a ku Africa anasonkhana ku Carthage, pakuti mutu umodzi susenza denga. Decius anafa pa nkhondo ndi Agoti m'mwezi wa June caka comweco. Msonkhanowo unakana mbali zonse ziwiri. Unapangana kuti mlandu wa munthu ali yense uyesedwe pa wokha; kuti ogula zikalata, amene analapa, alandiridwe; kuti opereka nsembe apitirire kulapa, koma imfa ikayandikira asamanidwe mtendere; ndi kuti amene anakana kulapa ali ndi moyo wolimba, nayamba kupempha atadwala, asalandiridwe, popeza cowapemphetsa ndi mantha a manda. Ku Roma mabishopu 60 anasonkhana nabvomereza njira yomweyo, nacotsa Novatian. Mipingo ya otsata ace inakhalabe zaka mazana angapo, nadzicha okha Oyera. Wolemba mbiri Socrates asimba kuti pa msonkhano waukuru wa ku Nicaea, m'caka ca 325, mfumu Constantine anafunsa bishopu wao Acesius cifukwa ca kudzipatula kwace. Ndipo atamva yankho anamuuza kuti aimike makwerero akwere kumwamba yekha.

Cuma ceniceni ca mlandu uno ciri m'kalata imene Cyprian analembera bishopu mnzace Antonianus, amene anayamba kupendekera kwa Novatian. M'menemo mphunzitsi wakale uja aoneka, munthu wodziwa kuti ana awiri akalakwa samu imodzi sanalakwe mofanana. Afunsa kuti, kodi wothamangira ku guwa ndi mtima wonse alingana ndi uja anagonja atazunzidwa nthawi yaitari? Kodi wokakamiza mkazi wace ndi ana ndi anchito kuti apereke nsembe alingana ndi uja anapita yekha kuti a m'nyumba mwace asaitanidwe, nabisa m'nyumba momwemo abale othawa? Onsewo anacimwa, Cyprian sacepsa chimo la mmodzi wa iwo. Koma dzedzeredzedzere salingana ndi kugweratu, ndipo mankhwala amodzi sacizira matenda onse. Kwa oopa kuti cifundo cidzacurukitsa ogwa anayankha ndi cimene anaona: acigololo olapa analandiridwa kale m'mipingo ya ku Africa, ndipo anthu odzisunga sanathe cifukwa ca ico. Ndipo ananena cinthu cimene mlimi ali yense acimva: kuuza munthu kuti alire, asale, apereke zacifundo, ndi kumuuzanso kuti mtendere sadzauona, kuli ngati kumtuma kulima ndi kupalira munda umene anamuuziratu kuti sadzakololamo. Munthu wotere ataya khasu. Abwerera ku akacisi, natenga mkazi wace ndi ana ace amene sanagwe.

Pofika caka ca 253 panamveka mbiri ya mazunzo atsopano, ndipo mabishopu anasonkhananso nasintha cimene anapangana. Analandira onse amene anakhala olapa kuyambira tsiku la kugwa kwao, osadikira imfa. Cifukwa cimene anapereka ciyenera kuchereredwa khutu. Sanati anthuwa alipira zokwanira. Anati nkhondo irinkudza, ndipo sikutheka kuuza munthu kuti akhetse mwazi wace cifukwa ca Kristu pamene Mpingo ummana cikho ca Kristu. Anaona kuti Mgonero ndiwo kamba wa ofoka a pa ulendo, ngakhale ena anauyesa mphotho ya olimba okha. Cyprian mwini anayankha onena za kubisala kwace pa 14 September m'caka ca 258, m'masiku a mfumu Valerian, pamene anakana kupereka nsembe nadulidwa mutu kunja kwa mzinda, anthu ace alinkuona.

Tsono zimenezi zikhudza bwanji mphunzitsi? Palibe Kaisara amene amuitanitsa cikalata. Koma m'midzi yambiri mphunzitsi ndiye mlembi wa bwalo la akuru, ndiye aphunzitsa kalasi, ndipo mau ace alemera pamene mlandu wa munthu ukambidwa. Iye ndiye ayenera kufunsa funso la Cyprian, lakuti munthuyu anagwa bwanji. Mai amene ananyamula mwana wakomoka usiku, cipatala ciri kutali, napita kwa woombeza ula, wacita cimene anacita opereka nsembe a ku Carthage, ndipo pa cifukwa comweco, ndico mantha. Walakwira Mulungu amene anayenera kumkhulupirira. Koma kumlemba m'buku pa mzere umodzi ndi munthu wosunga nyanga m'nyumba kuti apweteke mbale wace pa mlandu wa munda, ndi kuwapatsa miyezi yofanana, ndi ulesi wa oweruza, ngakhale auche cilungamo.

Colakwa cacikuru ca masiku ano ndi ici, kuti cilango casanduka ciwerengero ca miyezi cabe. Munthu adulidwa, dzina lace lilengezedwa, ndipo kuyambira pamenepo palibe afika pakhomo pace. Miyeziyo ikatha aitanidwa, afunsidwa ngati walapa, abvomera, nabwezedwa; kapena saonekanso, ndipo palibe afunsa kumene anapita. Ku Carthage wolapa anali m'manja mwa Mpingo masiku onse a kulapa kwace: anaonedwa, anapemphereredwa, ndipo akadwala mbusa anayenera kufika. Kulapa kwace kunayesedwa ndi mayendedwe ace, ngati wasiya cimene cinamgwetsa, ngati wabweza cimene analanda, ngati apirira kudzudzulidwa. Miyezi yokha siilapitsa munthu, ikhoza kumuumitsa. Paulo, amene analamula Akorinto kuti acotse wocimwa pakati pao, ndiye yemwe m'2 Akorinto 2 awafulumiza kukhululukira ndi kutonthoza wolangidwa, kuti cisoni cocuruka cingammize. Ndiponso akuru akumbukire kuti buku lao si buku la Mulungu. Mulungu akhululukira wosweka mtima pa ora limene apfuulira kwa Iye, monga Davide anamva mau a cikhululukiro m'kamwa mwa Natani tsiku lomwelo anabvomereza. Nthawi ya cilango iripo kuti munthu acire ndi kuti abale akhulupirirenso mau ace. Wodulidwa ayenera kuuzidwa zimenezi pa tsiku loyamba, angayese kuti kumwamba kwatsekedwa kufikira bwalo litakhalanso.

M'sukulu momwemo mwana aphunzira za Mulungu ndi maso asanaphunzire ndi katekisma. Buku likasowa m'kalasi, ndipo mwana mmodzi aimirira nati ndine, ndipo iye alangidwa koposa anzace amene anakhala cete, kalasi lonse laphunzira kuti kubvomereza ndi kupusa. Ndipo phunziro limenelo adzapita nalo ku ukuru wao, ku maukwati ao, ndi pamaso pa Mulungu. Pali nkhaninso ya mtsikana wotenga pakati ali pa sukulu. Kuyambira caka ca 1997 boma la Zambia limlola kubwerera ku sukulu atabala, ndipo Akristu ena anang'ung'udza ndi mau a Novatian enieni, kuti anzace adzatengera. Koma kawirikawiri mtsikanayo ndiye yekha asenza manyazi, popeza chimo lioneka pa thupi lace, pamene mwamuna, amene nthawi zina ali munthu wamkuru amene anamnyenga kapena kumkakamiza, akhala pa mpando wa kutsogolo ndi cikalata cace coyera m'thumba. Bwalo limene lidula mwanayo osafunsa za mwamunayo silinayambe kuweruza.

Pali cinthu cimodzi cimene mabishopu aja sanacifewetse. Mbusa kapena bishopu amene anagwa analandiridwa atalapa, koma monga Mkristu wamba. Ku udindo wace sanabwerere. Ena adzati, nanga Petro sanabwezedwe ku ubusa? Anabwezedwadi, ndi Iye amene aona mumtima. Ndipo mphunzitsi amene anagwa ndi mowa, kapena anadya ndarama za sukulu nazibweza, akhoza kuimanso pamaso pa ana, nakhala wofatsa ndi wacifundo koposa kale. Koma cikhululukiro ndi udindo ndi zinthu ziwiri. Mphunzitsi amene anaipsa mwana wa sukulu amene anaikizidwa m'manja mwace akhoza kulapa, ndipo mwazi wa Kristu ukwanira ngakhale pa iye. Koma mlandu wace upite ku boma monga lamulo lifuna, ndipo kalasi asapatsidwenso. Kumsamutsira ku sukulu yina mwakacetecete, ndi kucha cimeneco cifundo, ndiko kupereka ana a eni kuti alipire kulapa kwa munthu wina. Wolapa zoona sadzakangamira coko. Ndipo akacikangamira, akuru adziwe kuti cimene alira ndi malo ace.

Za anthu wamba amene anabwezedwa m'zaka zija mbiri siisunga maina ambiri, koma lilipo limodzi locokera ku Alexandria, mzinda waukuru wa ku Aigupto, kumene lamulo la Decius linagwetsanso anthu ocuruka. Bishopu wa kumeneko, Dionysius, analembera mnzace wa ku Antiokeya, amene anakondako ciphunzitso ca Novatian, namsimbira za nkhalamba yina dzina lace Serapion. Munthuyu anakhala zaka zambiri wopanda cirema, koma pa mayesero anapereka nsembe. Anapempha kawirikawiri kuti abwezedwe, ndipo panalibe womsamala. Anadwala, nagona masiku atatu wosalankhula ndi wosazindikira kanthu. Tsiku lacinai anatsitsimuka pang'ono, naitana mdzukulu wace, namtuma kuti athamange akaitane mmodzi wa abusa. Unali usiku, ndipo mbusayo anali wodwala, wosakhoza kuyenda. Koma popeza Dionysius analamuliratu kuti akufa amene apempha, makamaka amene anapempha kale, asamanidwe, mbusayo anapatsa mnyamata kagawo kakang'ono ka Mgonero, namuuza kuti akanyike nakaike m'kamwa mwa nkhalambayo. Mnyamata asanalowe m'nyumba Serapion anatsitsimukanso, namuuza kuti adziwa kuti mbusa sanathe kudza, acite msanga cimene anamuuza. Mwanayo ananyika mkatewo, nauika m'kamwa mwa ambuye ace. Ndipo nkhalambayo inameza pang'ono, nimwalira pomwepo.